Chipewa pa Chifuwa

Ana anga, mumati ndine munthu wosalankhula, ndipo adzukulu amati agogo amakalipa ndi maso. N'zoona. Ndinakalambira pamalo pamene pakamwa panalibe ntchito. Za ubwana wanga ku Dedza ndazilumpha, mulibe chimene mungatolemo. Ndiyambira pa geti la fakitale.

1965, chaka cha UDI

Ndinalembedwa ntchito pa fakitale yoluka nsalu ku Southerton, dera la mafakitale mumzinda uno, azungu atatsala pang'ono kulengeza ufulu wawo umene unatchedwa UDI. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Chishona sindinkachidziwa, ndipo ndinkagona ku hositelo ya ku Harare, kumene lero mumati Mbare. Tsiku loyamba atanditsegulira chitseko cha holo ya makina, ndinatsinzina n'kugwira makutu. Aliyense wolowa koyamba amatero, kaya ndi mzungu kaya ndi munthu wakuda. Phokoso la makina oluka silimveka ndi makutu okha, limalowa m'mano ndi m'mimba. Ungakuwe pakhutu pa mnzako, iye amangoona pakamwa pakuyasama. Choncho m'holo muja anthu ankalankhula ndi manja.

Anandipereka kwa a Zuze, mkulu wa ku Tete, wamfupi, amene chala chawo chimodzi chinadyedwa ndi lamba wa makina. Iwo ndiwo anandiphunzitsa. Ulusi ukaduka unkatsina mpweya ndi manja awiri n'kuwatalikitsa. Kusisita pamimba kunali kupempha kupita kuchimbudzi. Chibakera pakamwa chinali mzungu wathu woyang'anira, amene tinkamutcha Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pamlomo pake ngakhale kuti kusuta kunali koletsedwa pafupi ndi thonje. Munthu aliyense anali ndi dzina la manja. Langa linali kugwira makutu, chifukwa cha tsiku loyamba lija, ndipo ndinakhala nalo mpaka kupuma ntchito. Amashona, Atonga a kunyanja, anthu a ku Tete ndi ife a ku Dedza, kunja tinkasekana malilime, koma m'holo tinali ndi chilankhulo chimodzi. Ndinadziwa manja ndisanadziwe kupereka moni m'Chishona.

Tsiku lina pa nkhomaliro, tikudya mabanzi pansi pa mtengo kuseri kwa fakitale, a Zuze anandichotsa chipewa kumutu n'kuchigwira m'manja mwawo.

"Iwe, mwana wa ku Dedza, ukuchiona ichi?"

"Ndikuchiona, bambo."

"Pakamwa unganame, ndi pako. Manja m'holo muja ndi a tonse. Ungachite nawo nthabwala, ungatukwane nawo Kaliwo atatembenuka. Koma chipewa ayi."

Anandionetsa. Uthenga wa maliro ukafika pa geti, kapitawo ankaima kumutu kwa mzere wa makina, n'kuvula chipewa, n'kuchiika pachifuwa. Kenako ankapanga dzina la woferedwayo, ndipo pomaliza ankatambasula dzanja kusonyeza msinkhu wa womwalirayo: m'mwamba ngati ndi wamkulu, pansi cha m'bondo ngati ndi mwana. Woferedwa sankafunsa kanthu. Ankasiya makina akuyenda, oyandikana naye n'kuwatenga, iye n'kutuluka pa geti la kumbuyo la malole a thonje, chipewa chili m'manja. Mlonda akaona munthu wa chipewa m'manja ankatsegula osafunsa chitupa. Azungu mwambo uwu sankaulabadira malinga makina asaime. Ndinafunsa a Zuze ngati palibe amene anayesapo kuthawira ku mowa mwa njira imeneyi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati, "Ukanena ndi manja kuti munthu wafa, wamuitanira imfa. Ndani angachite zimenezo chifukwa cha chibuku?"

Zaka zimene mayiko anatseka malonda

Mayiko atakana kugulitsana ndi dziko lino, zipangizo za makina zinasiya kubwera. Lamba akaduka tinkamusoka ndi waya. Shatulo, kabwato kamtengo kamene kamathamangitsa ulusi uku ndi uku, ikang'aluka tinkaimata ndi kuipala mpaka itatheratu. Shatulo yokalamba inkatha kuuluka m'makina ngati mwala wa legeni, ndipo chimene chinkapulumutsa diso la munthu ndi dzanja la mnzake lokwezedwa msanga. Tinkayang'anana tsiku lonse. Munthu amene wakangana ndi mkazi wake ndinkamudziwa ndi mapewa.

Nkhondo itakula, azungu aang'ono a pa fakitale ankaitanidwa ku usilikali kawirikawiri, ndipo Kaliwo anasowa omuthandiza. Anandipatsa ukapitawo. Sananditenge chifukwa chondikonda. Anati anthu a ku Malawi sachita ndale. Udindo uwu ndiwo unandipezetsa nyumba ya ku Mufakose imene munakuliramo, ndipo ndinaitanitsa mayi anu kumudzi. Mumvetse bwino apa. Nyumba ija inkayenda ndi ntchito, ndipo chitupa changa chinali cha mlendo. Ntchito ikatha, nyumba yatha, ndipo boma likafuna linkakukweza sitima kukakutula ku malire ndi ana ako.

Pa mzere wanga panali Jairosi, Mshona wa ku Mutoko, woluka waluso koma wapakamwa. Dzina lake la manja linali chala pa mano, chifukwa anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Ankandiputa tsiku lililonse pansi pa mtengo paja ndi dzina limene Amashona ankatinyozera nalo ife a ku Malawi.

"Achimwene, inu Mabhurandaya mukapatsidwa chipewa chatsopano mumaiwala kuti ndinu akuda. Kaliwo akayetsemula, mumati zikomo bwana."

"Iwe ukanakhala ndi nzeru ngati pakamwa pakopo ukanakhala kapitawo."

"Ine? Ndidzakhala kapitawo wa fakitale yonse, inu mukundipangira tiyi."

Tinkaseka. Koma mawu akuti alendo ndi ogulitsa anzawo ankamveka m'mabasi ndi m'mabawa, ndipo sanali nthabwala. Pa chitupa Jairosi analembedwa kuti amagona ku hositelo, koma ankachita lendi kachipinda ku Kambuzuma ndi mkazi wake ndi kamwana kakakazi, Rudo. Zimenezi tinkazidziwa ife a pa mzere, ofesi sinkadziwa.

Kumapeto kwa ma 1970

Jairosi anasintha. Sanandiuze kanthu, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoona kuti manja ake asiya nthabwala, ndipo chitseko cha holo chikatseguka ankayang'ana kumeneko asanayang'ane ulusi. Loweruka lililonse ankakwera basi ya kwawo ndi chikwama cholemera, Lolemba n'kubwera nacho chopanda kanthu. Aliyense ankadziwa kuti anyamata a m'tchire, omenyera ufulu, amafuna nsapato, malaya ndi mankhwala. Aliyense ankadziwanso kuti wogwidwa akuwathandiza ankatha kunyongedwa.

Tinali ndi chizindikiro cha apolisi, kugwira dzanja pamkono ngati unyolo. Chinafa chaka chomwecho. Munthu wina anachipanga pochenjeza mnzake, ndipo m'mawa mwake anatengedwa. Apo tinadziwa kuti pakati pathu pali wina amene amawerenga manja athu n'kukawanena ndi pakamwa. Sitinamudziwe, mpaka lero sindimudziwa. M'holo munalowa mantha. Anthu anayamba kuluka manja ali pa makina okha.

Sabata imeneyo Rudo anadwala chikuku. Jairosi ankabwera maso ali ofiira, ndipo pa nkhomaliro anati, "Achimwene, mwana sakuyamwa, thupi lili moto." Sananditchule Mubhurandaya tsiku limenelo.

M'mawa wina, dzuwa litakwera, Kaliwo anandikodola kuchokera mu ofesi yake ya magalasi. Ndinapezamo anthu awiri ovala zawamba, mzungu ndi munthu wakuda wa jekete labulawuni. Sanafunike kunena kuti ndi ndani. Nsapato zawo zinanena kuti ndi apolisi. Kaliwo sanandiyang'ane kumaso, ankangotembenuza kaliwo wake m'manja.

"Jairosi ali pa mzere wako?"

"Alipo, bwana."

"Pita ndi bambo awa ukawalozere. Usamuuze kanthu."

Wa jekete uja anandiyandikira n'kulankhula Chinyanja chabwino, kuti ndidziwe kuti amandidziwa. "Bambo Phiri, nyumba yanu ku Mufakose ndi yabwino. Ana atatu, eti? Tiyeni tigwire ntchito mwamtendere."

Kuchoka pa ofesi kufika pa chitseko cha holo ndi pafupi, koma ndinaganiza zambiri. Ndikamulozera, Jairosi wafa, ndipo holo yonse iona dzanja langa likuloza. Ndikagwira pamkono, wogulitsa uja aona, Jairosi agwidwa asanafike pa geti, ine pambuyo pake. Panatsala chizindikiro chimodzi chokha chimene chikanamutulutsa panja popanda womuimitsa, chimene ngakhale wogulitsayo akanachikhulupirira. Ndinaganiza za inu ana. Ndinaganiza za mawu a a Zuze. Ndinaganizanso za kamwana kodwala kaja, chifukwa ndinadziwa kuti ndikasonyeza msinkhu wa wamkulu, Jairosi aima kaye kudabwa kuti ndani, koma ndikatsitsa dzanja athamanga.

Ndinatsegula chitseko mwamphamvu. Phokoso linamumenya wa jekete uja, ndipo anachita zimene aliyense amachita: anatsinzina, anawerama, anagwira makutu. Ine ndinali nditaima kale kumutu kwa mzere. Ndinavula chipewa n'kuchiika pachifuwa. Mitu inadzuka mzere wonse. Ndinaika chala pa mano. Kenako ndinatambasula dzanja n'kulitsitsa mpaka m'bondo.

Nkhope ya Jairosi sindidzaiiwala. Pakamwa panatseguka, ndipo ndikudziwa kuti analira mokweza, koma palibe anamva. Anavula chipewa chake n'kuzimirira kuseri kwa makina kulowera ku geti la malole. A Zuze anasuntha n'kutenga makina ake, monga mwa mwambo, misozi ili m'maso.

Wa jekete atatsegula maso anapeza kapitawo akuvala chipewa. Ndinamuyendetsa njira yaitali, kuzungulira mabelo a thonje. Titafika pa makina a Jairosi ndinachita ngati ndadabwa, ndipo ndinamukuwira pakhutu kuti mwina wapita kuchimbudzi. Tinakadikira kumeneko. Kenako anafufuza m'nyumba yosungira ulusi, n'kukafunsa pa geti lalikulu, kumene mlonda analumbira kuti sanatuluke munthu. Za geti la malole sanaziganize tsiku limenelo. Wapolisi wachizungu uja anakwera galimoto kupita ku hositelo, kumene Jairosi anali asanagoneko zaka. Ine ananditsekera mu ofesi ndi wa jekete mpaka lipenga lowerukira litalira ndipo anthu onse atapita.

Ichi ndicho chinandipweteka, chifukwa sindinathe kuuza a Zuze. Ataweruka, amuna a mzere wonse anayenda wapansi kupita ku Kambuzuma kukakhuza maliro, a Zuze ali patsogolo, zipewa m'manja. Zimene anapeza anandiuza okha m'mawa mwake pa geti, asanandipatse n'komwe moni.

"Tafika tikuyimba chapansipansi. Tapeza mayi ali pakhonde akumwetsa mwana phala. Mwana wamoyo, Phiri. Akutiyang'ana."

"Jairosi?"

"Anafika akulira, n'kupeza mwana ali kumsana kwa amake. Akuti anaima, n'kumugwira mwanayo pamutu, n'kunena kuti, Achimwene sachita nthabwala. Anatenga jekete n'kutuluka. Sanabwererenso." A Zuze analavula pansi. "Mayi uja watifunsa kuti ndani wamuphera mwana wake ndi manja. Wagubuduka pansi. Akuti mwana akafa, wamupha ndiwe. Ndimuyankhe chiyani ine, amene ndinakuphunzitsa?"

"Kunali apolisi, bambo."

"Ndadziwa. Sindine mwana. Wapulumutsa munthu. Koma wapha chipewa."

Tsiku lomwelo apolisi anabwera kudzanditenga, pakuti wogulitsa uja anali atanena kale. Mayi anu anakhala masiku osadziwa kumene ndili, katundu atamanga m'mitolo podikira kuthamangitsidwa. Kumene ananditengera ankamenya ndi zikhatho m'makutu onse awiri nthawi imodzi. Ndinawauza chinthu chimodzi chokha, kuti mayi wina wosamudziwa anandipatsa uthenga wa maliro pa geti m'mawa, ndipo ine ndinaupereka. Sanakhulupirire. Koma Jairosi anali atapita, ndipo ine ndinalibe china chimene ndinkadziwa, chifukwa sindinafunsepo. Atatopa ananditaya pa msewu. Khutu lakumanzere silinamvenso kuyambira pamenepo, lakumanja makina analimaliza pang'onopang'ono.

Nditafika kunyumba mayi anu sanalire. Ananditenthetsera madzi, kenako anati, "Bambo a Esinati, mukanatiponya pa msewu chifukwa cha mwana wa eni?" Ndinati inde. Sanandilankhule mpaka Lamulungu. Anali ndi chifukwa.

Kaliwo sanandichotse ntchito, chifukwa anthu anali osowa. Anandilanda ukapitawo n'kundipatsa tsache. Anati, "Ndinkayesa anthu a kwanu sachita ndale." Ndinati, "Sindinachite ndale, bwana." Nyumba inatsala, koma malipiro anatsika, ndipo n'chifukwa chake iwe Esinati unasiya sukulu chaka chija. Unkandifunsa, sindinakuyankhe. Yankho ndi limeneli. Ndinasesa thonje pansi pa makina a anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha, mpaka nkhondo inatha.

Rudo anachira. Koma mayi ake akandiona pa msika kapena pokwerera basi, ankawoloka msewu, mwana atamubisa kuseri kwa chitenje.

Miyezi ingapo itapita, uthenga unafika pa geti kuti akazi a a Zuze agwa pa mpopi ku Highfield ndipo amwalira. Kapitawo watsopano anachita mantha kuvula chipewa, poopa kuti ofesi imuganizira. Anabwera kwa ine. Ndinatsamiritsa tsache, n'kuima kumutu kwa mzere, n'kuika chipewa pachifuwa. Ndinapinda chala chimodzi, limene linali dzina la a Zuze, n'kukweza dzanja pa msinkhu wa wamkulu. Mitu inadzuka, koma maso onse anapita ku chitseko kufunafuna apolisi. A Zuze anandiyang'ana, anayang'ana ku ofesi, kenako anatembenuza chikhatho m'mwamba kundifunsa kuti, zoona? Ndinabwereza. Anaima pomwepo, makina akuyenda, osadziwa ngati athawe kapena alire. Ndinachita kupita, kuwagwira pamkono, kuwatulutsa panja pa dzuwa, n'kuwauza ndi pakamwa ngati mlendo kuti mayi atisiya. Mlonda wa geti la malole anawafunsa chitupa. Kuchokera tsiku limenelo palibe anavulanso chipewa m'holo muja. Uthenga wa maliro unayamba kudzera ku ofesi, ndipo woferedwa ankadikira Kaliwo kuti amulole.

Ufulu utabwera

Anyamata atabwerera kuchokera m'tchire, ndinkayang'ana pa geti masiku ambiri. Ena anabwera onenepa, ena opanda miyendo. Jairosi sanabwere. Wina anati anawoloka kupita ku Mozambiki n'kufera kumeneko, wina anati anamuona ku Mutoko nkhondo ili pafupi kutha. Sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti sanafere pa chingwe chifukwa cha chala changa. Ukapitawo anandibwezera, ndipo ndinapuma ntchito ndili nawo. Sindinapemphe mendulo kwa munthu, ndipo sindinapepese kwa munthu. Atandiimikanso pa chitseko chija lero, ndingavule chipewa.

Mayi anu atamwalira munalipo nonse, koma munali otanganidwa ndi alendo, ndiye ichi simunachione. Tsiku loika, titabwerako ku manda, ndinakhala pa mpando pakhonde anthu akutsazika. Pa nthawiyo n'kuti makutu atatheratu, ndinkangoona milomo. Panabwera mayi wachikulire wa duku lakuda, pambali pake mkazi wamtali wobereka mwana. Ndinamuzindikira mayiyo ndi kayendedwe, pakuti ndinali nditamuona kambirimbiri akuwoloka msewu. Anaima patsogolo panga. Sanagwade, sanapereke dzanja. Wamtali uja anamwetulira pang'ono, ndipo ndinaona mpata pakati pa mano.

Mayiyo anatambasula dzanja n'kulitsitsa mpaka m'bondo, monga ndinachitira ine. Analisiya pamenepo kanthawi akundiyang'ana m'maso. Kenako analikweza pang'onopang'ono, kudutsa m'chiuno, kudutsa paphewa, mpaka linakagona pamutu pa Rudo.

Ndinagwedeza mutu. Iyenso anagwedeza. Anatenga mwana wake n'kumapita.